Muse 2 poyeza ubongo wa mkaidi wotsekeredwa yekha: pomwe imathandiza ndi pomwe imaperewera

Muse 2 ndi chipangizo chovala kumutu chopangidwa ndi kampani ya InteraXon ya ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo chinatuluka pamsika mu 2018. Eni ake anachipangira anthu ofuna kuphunzira kukhazika mtima pansi, osati achipatala. Koma mkati mwake muli makina enieni a EEG, omwe amajambula timagetsi totuluka mu ubongo, ndipo pomwe chinkatuluka mtengo wake unali pafupifupi madola 250 a ku America musanawonjezere zotumizira ndi msonkho wa MRA. N'chifukwa chake ofufuza a ndalama zochepa amachiyang'ana kawiri. Kuno ku Zomba, komwe ndende yaikulu, chipatala cha matenda a m'maganizo ndi Yunivesite ya Malawi zili mu mzinda umodzi, funso lake silichedwa kubwera: kodi chingatiuze zomwe zikuchitika mu ubongo wa munthu amene watsekeredwa m'selo ya yekha, kopanda womuyankhula, kopanda chooneka chatsopano? Chingathe chinthu chimodzi chokha, ndipo chimachitha bwino ndithu mukachigwira mosamala. Zina zonse zomwe anthu amayembekezera, sichingathe.

Kuti timvetse chinthu chimodzicho, tiyambe ndi zomwe ofufuza akale anapeza. M'zaka za m'ma 1950, pa yunivesite ya McGill ku Montreal, gulu la Donald Hebb linkalipira ophunzira madola 20 patsiku kuti angogona m'kachipinda atavala magalasi olola kuwala koma osaonetsa chinthu, manja atakutidwa ndi magolovesi ndi makatoni, makutu akumva kulira kumodzimodzi kwa makina oziziritsa mpweya. Ambiri sanapirire kupitirira masiku awiri kapena atatu. Ena anayamba kuona zinthu zomwe palibe, ndipo mafunde a mu ubongo wawo anachepa liwiro. John Zubek wa ku Manitoba anatalikitsa nthawi kufika masiku 14, ndipo mu 1963 analengeza kuti mafunde otchedwa alpha ankatsikiratsikira masiku akamapita, komanso kuti patatha sabata anthuwo atatuluka anali asanabwerere mwakale. Mu 1972 Paul Gendreau ndi anzake anachita zofananazo pa akaidi enieni ku Canada kwa masiku 7. Anapeza zinthu ziwiri: alpha anachepa liwiro, koma ubongo unkayankha msanga kuposa kale ukawalitsidwa nyali m'maso. Ubongo wosowa zoona ndi zomva umawodzera, komabe umakhala tcheru mopitirira muyezo. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe dokotala Stuart Grassian analemba mu 1983 atacheza ndi akaidi 14 a ndende ya Walpole ku Massachusetts, omwe ankadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kumva mawu a anthu omwe palibe, kugwidwa ndi mantha adzidzidzi ndiponso kulephera kutsata ganizo limodzi mpaka kumapeto.

Choncho pali miyezo iwiri yomwe mungafune kubwereza: liwiro la alpha, ndi changu cha ubongo poyankha kuwala. Muse 2 imatha woyambawo basi.

Alpha ndi mafunde ogunda ka 8 mpaka ka 13 pa sekondi, ndipo kwa akuluakulu ambiri amakhala pafupi ndi ka 10 pa sekondi, zomwe zimalembedwa kuti 10 Hz. Amaonekera kwambiri munthu akatsinzina ali maso, ndipo amphamvu kwambiri amachokera kunkhongo. Apa m'pamene pali chofooka choyamba cha chipangizochi, chifukwa kunkhongo chilibe electrode, kachidutswa kogunda pakhungu komwe kamatola timagetsi ta ubongo. Chili ndi ma electrode anayi: awiri asiliva pamphumi, otchedwa AF7 ndi AF8, ndi awiri a labala kuseri kwa makutu, otchedwa TP9 ndi TP10. Pakati pamphumi pali ina yomwe ena onse amayerekezedwa nayo. Mwamwayi, alpha amafalikira mokwanira kufika kuseri kwa makutu, ndiye pa TP9 ndi TP10 nsonga yake, kutanthauza liwiro pomwe alpha ali ndi mphamvu kwambiri, imaoneka bwino mwa anthu ambiri. Pa AF7 ndi AF8 musadalirepo, pamadzaza za maso ndi minofu ya pamphumi. Chipangizochi chimawerenga ka 256 pa sekondi, zomwe n'zokwanira ndi kutsala pa mafunde a pansi pa 40 Hz.

Ubwino wake waukulu kwa ife ndi wakuti sichidutsa m'tsitsi. Zipewa za EEG zambiri zinapangidwira tsitsi lowongoka, ndipo pa tsitsi lathu lopotana, pa malukidwe kapena pa madiredi, ma electrode amalephera kufika pakhungu. Muse imagwira pamphumi ndi kuseri kwa khutu pokha, sifuna mafuta apadera kapena madzi a mchere, ndipo munthu wozolowera amaiveka m'mphindi ziwiri. M'ndende, momwe msilikali angakupatseni mphindi 15 kapena 20 ndi mkaidi mmodzi, zimenezi n'zofunika kwambiri. Ndi yopepuka, ilibe mawaya olendewera, ndipo siopsa kuiona, chomwe si chinthu chaching'ono kwa munthu amene angaganize kuti mwabwera kudzamuwotcha ndi magetsi kapena kudzawerenga maganizo ake. Mufotokozereni m'Chichewa chomveka kuti chipangizocho chimangomvetsera, sichilowetsa kanthu m'mutu. Chili ngati munthu woima kunja kwa tchalitchi amene akumva ngati kwaya ikuimba mofulumira kapena pang'onopang'ono, koma mawu a nyimboyo sakuwamva.

Pulogalamu ya kampaniyo ya pa foni musaigwiritse ntchito pa kafukufuku. Imasandutsa mafunde kukhala phokoso la mvula ndi mbalame komanso mapointi a kudekha, imafuna akaunti, ndipo zomwe yajambula zimapita pa intaneti. Zaumoyo za mkaidi siziyenera kutuluka m'dziko mwanjira imeneyo, makamaka pano pomwe tili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi Mind Monitor, pulogalamu yotsika mtengo ya pa foni yomwe imasunga fayilo ya CSV. Mukaiyika, pitani pa zokonzera musinthe nthawi yojambulira ikhale pa Constant, apo ayi idzangolemba mzere umodzi pa sekondi ndipo nsonga ya alpha simudzaipeza. Muzimitsenso zotumiza ku Dropbox. Yachiwiri ndi muse-lsl pa laputopu, yaulere, yomwe imafuna wodziwako Python. Foni siiloledwa kulowa m'ndende mwachisawawa, ndiye kalata yanu yachilolezo itchule chipangizo chilichonse ndi nambala yake, ndipo ndi bwino kulowa ndi foni yopanda simu khadi.

Kayezedwe kake kakhale kofanana tsiku lililonse, chifukwa kusintha komwe mukusaka n'kochepa, kawirikawiri kosafika 1 Hz. Mkaidi akhale pampando wotsamira, mapazi pansi, manja pamaondo. Pukutani pamphumi ndi kuseri kwa makutu ndi kansalu konyowa, chifukwa mafuta odzola ndi fumbi zimatchinga magetsi. Vekani chipangizo kuti chigwire koma chisafinye, kenako dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti khungu lizolowerane ndi ma electrode. Mind Monitor imaonetsa mmene electrode iliyonse yagwirira, ndipo mu fayilo 1 ndiye kuti yagwira bwino, 2 pakatikati, 4 yakanika. Musayambe kujambula TP9 ndi TP10 zisanafike pa 1. Jambulani mphindi 3 ali chipenyere pa kamtanda kojambulidwa pakhoma, mphindi 3 atatsinzina, kenako mubwereze zonsezi kachiwiri. Munthu wochokera m'selo ya mdima mupatseni kaye mphindi zingapo m'chipinda cha kuwala kochepa, musamuyang'anitse kuwindo.

Mphindi 3 zimakupatsani manambala 46,080 pa electrode iliyonse. Pa kompyuta, ndi MNE-Python yaulere kapena EEGLAB, sefani kuti mutsale ndi za pakati pa 1 Hz ndi 40 Hz, kenako dulani zidutswa za masekondi 4. Utali umenewu si wongosankha: chidutswa cha masekondi 4 chimasiyanitsa mafunde otalikirana ndi 0.25 Hz, pomwe cha sekondi imodzi chimangosiyanitsa otalikirana ndi 1 Hz, ndipo kusintha konse komwe mukufuna kungamire mmenemo. Mudzakhala ndi zidutswa 45. Tayani chilichonse chomwe chadumpha ma microvolt 100, gwiritsani njira ya Welch, yowerengera mphamvu ya mafunde pa liwiro lililonse, pa zotsalazo, ndipo pezani pomwe mphamvu yakwera kwambiri pakati pa 7 Hz ndi 13 Hz. Mukatsala ndi zidutswa zosafika theka, kuyeza kwa tsikulo kwalephereka, musakukakamize. Dziwaninso kuti pali anthu athanzi ndithu omwe alpha wawo ndi wofooka mwachibadwa moti nsonga siioneka. Amenewo sakudwala, kungoti njirayi siwagwira.

Zomwe zimasokoneza n'zambiri, ndipo zina n'zochokera m'mapangidwe a chipangizocho. Poti electrode yoyerekezera ili pamphumi, kuphethira kumodzi kumalowa m'mizere yonse inayi, ngakhale ya kumakutu. Kuluma mano kapena kumeza malovu kumagwedeza minofu ya nsagwada yomwe ili pafupi ndi TP9 ndi TP10, ndipo munthu wa nkhawa amaluma mano osadziwa, choncho muuzeni alekanitse mano pang'ono milomo ili chitsekere. Thukuta la mu Okutobala ndi Novembala limachititsa mzere kuyandama pang'onopang'ono mmwamba ndi pansi, zomwe wosazolowera angaziyese mafunde odekha a ubongo wodwala. Yezani m'mawa kusanatenthe. Magetsi a ESCOM amagunda pa 50 Hz, pomwe zitsanzo zambiri za mapulogalamu zomwe mungakopere pa intaneti zinalembedwera 60 Hz ya ku America, ndiye onetsetsani nambala imeneyo. Laputopu ikhale pa batire, osati pa soketi, ndipo chipangizocho musachiveke munthu chili pa chaja. Batire yake imatha maola pafupifupi 5 ikadali yatsopano, imatchajidwa ndi chingwe cha USB, ndipo pawabanki wamba imakwanira kuidzazanso magetsi akathima. Bluetooth siidutsa bwino khoma la konkire ndi chitseko chachitsulo. Foni ikhale m'chipinda momwemo, pa mita imodzi kapena awiri. Manambala amabwera m'timagulu ta 12, ndipo kagulu kakatayika panjira fayilo siikuchenjezani, ndiye werengani mizere muone ngati ikukwana 256 pa sekondi.

Ukhondo musauiwale. Mphere ndi zipere zimafala pomwe anthu apanikizana. Pukutani ma electrode ndi thonje lonyowa pang'ono ndi sipiriti mukamaliza munthu aliyense, musawaviike, ndipo pakhungu pomwe pali chilonda musaikepo.

Koma vuto lalikulu silili m'chipangizo, lili m'moyo wa m'ndende zathu. Pafupifupi chilichonse chomwe mkaidi wa ku Zomba amakumana nacho chingachepetse liwiro la mafunde a ubongo pachokha. Tulo ndi choyamba. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935 ndipo yakhala yodzaza mopitirira kwa zaka zambiri. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino n'kuzunza anthu. Munthu amene wakhala akugona chokhala, atapanikizika pakati pa anzake, mukamuuza kuti atsinzine amayamba kusinza mphindi imodzi isanathe. Akatero alpha amazilala, mafunde a theta a 4 mpaka 7 Hz amatulukira, ndipo pa pepala zimaoneka ngati ubongo wafooka. Muziyang'ana mutu wake, ukayamba kugwa mugogode patebulo ndi kulemba nthawiyo. Chodabwitsa chomwe muyenera kuchiyembekezera n'chakuti wina akachotsedwa m'selo yodzaza kupita m'selo ya yekha angagone bwino masiku awiri oyambirira, mafunde ake n'kuoneka ngati akonzeka. Wowerenga mwachangu anganene kuti selo ya yekha yamuthandiza, pomwe wangolipira ngongole ya tulo.

Njala ndi chachiwiri. Shuga akatsika m'magazi EEG imachepa liwiro, ndipo pomwe anthu amadya kamodzi patsiku, kuyeza nsima isanabwere ndi kuyeza atadya kumapereka zosiyana. Sankhani nthawi imodzi ndipo musaisinthe. Chachitatu ndi mankhwala. Carbamazepine wa khunyu amachepetsa liwiro la alpha, chlorpromazine amatha kuchitanso chimodzimodzi, pomwe diazepam ndi phenobarbitone amachulukitsa mafunde othamanga a beta. Malungo, kutentha thupi kulikonse, kuvulala mutu kwakale, kusiya mowa kapena chamba mwadzidzidzi, matenda a mu ubongo obwera ndi HIV, zonsezi zilembedwe pa fomu ya munthu aliyense. Msinkhu nawo umawerengedwa, chifukwa alpha amatsika munthu akamakalamba.

Kuchokera pa zimenezi mfundo imodzi ikutuluka, ndipo ndi yomwe imasiyanitsa kafukufuku wabwino ndi wotaya nthawi. Anthu awiri athanzi angasiyane ndi 2 Hz, wina pa 9 wina pa 11, kusiyana koposa komwe selo ya yekha ingabweretse. Kuyeza akaidi khumi a m'selo ya okha kamodzi n'kuwayerekeza ndi khumi a m'selo wamba sikungakuuzeni kanthu. Munthu ayerekezedwe ndi iye mwini: asanalowe ngati n'kotheka, ali mkati, atangotuluka, patatha sabata, patatha mwezi. Poti simungadziwe amene adzalangidwe mawa, njira yoyenera ndi kuyeza anthu ambiri ovomera pachiyambi ndi kuwatsatira, kapena kuyamba tsiku lotuluka n'kuona ngati alpha akukwera masabata akamapita. Pa ntchito yobwerezabwereza chonchi, Muse 2 ilibe inzake pa mtengo umenewu. Lembaninso mmene selo ilili: kukula kwake, ngati muli windo, maola a kuwala, phokoso lomwe likumveka, ndi anthu angati amuyankhula patsiku. Selo ya chilango si kachipinda ka ku McGill. Mkaidi amamva zitseko ndi kufuula kwa anzake, koma amasowa nkhope yoyankhula naye ndi chochita, ndipo popanda zolembazo simudzadziwa chomwe chasintha ubongo.

Muyezo wachiwiri uja, wa changu poyankha kuwala, usiyeni. Umafuna electrode kunkhongo komwe ubongo umalandirira zoona, komanso nthawi yolondola mpaka pa ma millisecond ochepa (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000). Bluetooth imachedwetsa manambala ndi ma millisecond makumi angapo, ndipo kuchedwako sikufanana nthawi zonse. N'zoona kuti gulu la Olav Krigolson ku Canada linaonetsa mu 2017 kuti Muse ingagwire mafunde aakulu ngati P300, omwe amabwera ubongo ukakumana ndi chinthu chosayembekezereka, mukaphatikiza maulendo ambiri, koma kuona kuti funde lilipo ndi kuyeza kuti lafulumira pang'ono ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pa yachiwiriyo mungafune makina ena a EEG monga OpenBCI Cyton ya mizere 8, yomwe mumaika ma electrode pomwe mukufuna ndipo mungailumikize ndi waya wolemba nthawi ya nyali, koma imafuna mafuta omatira, nthawi yaitali yoveka ndi mmisiri wodziwa. Emotiv EPOC X ili ndi ma electrode 14 kuphatikiza O1 ndi O2 akunkhongo, ndipo pamutu wometa imagwira bwino, koma timapilo take timauma msanga kukatentha ndipo kuti mupeze manambala osakonzedwa mumalipira laisensi.

Za mkati mwa ubongo nazo Muse siiziona. Kafukufuku wa 2019 pa anthu 9 omwe anakhala miyezi 14 pa siteshoni ya Neumayer III ku Antarctica anapeza kuti gawo lina la hippocampus, lothandiza kukumbukira, linachepa ndi pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Anagwiritsa ntchito MRI, makina ojambula zithunzi za mkati mwa thupi. EEG ya pakhungu siingakuuzeni kukula kwa gawo lililonse. Muse sinavomerezedwe ngati chipangizo cha chipatala, siingatsimikize khunyu, matenda a m'maganizo kapena kuwonongeka kwa ubongo, ndipo loya amene angaipereke kukhoti ngati umboni wokhawo adzagwetsedwa ndi katswiri woyamba amene angafunsidwe. Alpha wotsika ndi theka la Hz si bala, ndipo alpha wabwinobwino si umboni wakuti munthu ali bwino. Zoopsa za selo ya yekha zimaonekera kwina: ku North Carolina, kafukufuku wa 2019 pa anthu oposa 229,000 otuluka m'ndende anapeza kuti omwe anatsekeredwapo okha anali ndi chiopsezo chodzipha chokwera ndi 78 pa 100 iliyonse m'chaka choyamba. Palibe chovala kumutu chomwe chikanaonetsa zimenezo.

Mzinda uno ukuidziwa nkhaniyi. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mkazi wake Vera anatulutsidwa mu 1993, onse atakhala zaka zambiri olekanitsidwa, ndipo ndende ya Mikuyu ili pafupi pomwepa. Choncho amene akulowa ndi chipangizo m'ndende azidziwa malamulo omwe akumumanga. Malamulo a Nelson Mandela, omwe United Nations inavomereza mu 2015, amati kutsekera munthu yekha ndi kumusunga maola 22 kapena kuposa patsiku popanda kucheza kwenikweni ndi munthu, ndipo amaletsa kupitirira masiku 15 otsatizana, selo ya mdima, ndi selo yowala usana ndi usiku. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kuchita kafukufuku wa sayansi pa munthu asanavomere. Mufunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga UNIMAREC kapena NHSRC, ndi cha akuluakulu a ndende. Munthu asatsekeredwe kapena kuwonjezeredwa tsiku ngakhale limodzi kuti muyezo wanu ukwane. Pomufunsa ngati wavomera, msilikali kapena nyapala asakhale pomva, ndipo mumuuze poyera kuti kukana sikumuchotsera kanthu, kuvomera sikumufupikitsira chilango.

Chiopsezo chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti bwana wina angapemphe kuti muyeze mkaidi kuti aone ngati angapirire masiku ena m'selo. Kanani. Lamulo 46 la Mandela limati azaumoyo asatenge mbali pa kupereka chilango, koma aziyendera wotsekeredwayo tsiku lililonse ndi kunena msanga akaona kuti thanzi lake likuipa. Pa fayilo lembani nambala yachinsinsi m'malo mwa dzina, ndipo kaundula wolumikiza nambala ndi mayina asungidwe kunja kwa ndende. Musanaveke chipangizo, mufunseni munthuyo mmene wagonera, ngati akumva mawu, ngati akuona zachilendo, ngati waganizapo zodzivulaza. Akayankha kuti inde pa mawu kapena pa zodzivulaza, kuyeza kwa tsikulo kuime, mudziwitse wachipatala wa m'ndende nthawi yomweyo, ndipo mulembe pempho loti akaonedwe ku Zomba Mental Hospital.